Makolo a ana a Fomu 4, teremu yachitatu ndi yanu inunso

Teremu yachitatu imagwa nthawi yozizira, pomwe mayeso a MSCE a MANEB ayandikira. Ngati mwana wanu ali kusukulu yogonera komweko, mutumizireni juzi ndi bulangete msanga, chifukwa wozizidwa sadzuka m'mamawa kukawerenga. Woyendera kunyumba mumuchepetsere ntchito zokolola ndi zotunga madzi, miyezi iwiri yokhayi.

Koma chachikulu ndi Chingerezi. Wolephera phunziro limeneli sapatsidwa satifiketi, ngakhale atakhoza bwino Masamu ndi Fizikisi. Zimandiwawa kuona mwana wanzeru akugwa pamenepa. Mupezereni mapepala a mayeso akale, azilemba chimangirizo sabata iliyonse akuyang'ana wotchi, kenako aphunzitsi ake amuchongere. Akakwera ndi malikisi ochepa chabe, muyamikireni pomwepo.