Mukufuna kulowana musanakwatirane? Chitani izi kaye

Choyamba khalani pansi mufunsane, kodi tikulowana kuti tidzakwatirane kapena basi tikungofuna kugawana lendi? Ambiri amalidumpha funso limeneli ndiye zaka zimangopita wina akudikirira ukwati mnzakeyo alibe nazo ntchito, zimawawa kwambiri zimenezo.

Kenako za ndalama, gwirizanani kuti ndani azilipira chani ndipo mukagula katundu wamkulu ngati filiji kapena bedi sungani malisiti. Pa pepala la nyumba mulembetse nonse awiri. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, kwina olowana sawerengedwa ngati okwatirana moti mnzanu atamwalira mukhoza kutuluka chimanjamanja, fufuzani msanga.

Za ana kambiranani mimba isanabwere, ndipo ikani mwezi weniweni woti mudzakambirane za ukwati, osangoti "tidzaona".