Momwe mungajambulire zachilengedwe ndi za m'komboni kumapeto kwa dzinja mu Lusaka

Anthu ambiri amadikira Seputembala ndi Okutobala kuti ajambule maluwa a jakaranda, koma nthawi imeneyo kumwamba kumakhala kotuwa chifukwa cha fumbi ndi utsi wa tchire lotenthedwa. Nyengo yokomera wojambula mu Lusaka imayambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka kuchiyambi kwa Epulo, pamene mvula ikutsazika, chifukwa mpweya umakhala woyera, udzu ukadali wobiriwira, ndipo mitambo ikuluikulu yomwe imaunjikana masana imadzaza mbali ya chithunzi imene m'chilimwe imangokhala mbee.

Yambani ndi chipangizo chomwe muli nacho kale. Foni yamakono ndi yokwanira pa maluwa, misewu ndi anthu, ndipo kamera yeniyeni imafunika makamaka mukafuna mbalame. Ngati mukugula kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, chotsani lenzi ndi kuunika mkati mwake ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera tokhala ngati ukonde wa kangaude, dziwani kuti ndi chuku chomwe chimabwera ndi chinyezi, ndipo musaigule ngakhale wogulitsa atsitse mtengo chotani, popeza kuyeretsa kwake kumadula ndipo nthawi zina galasi limakhala litadyeka kale.

Chachiwiri ndi memori khadi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri. Ndinagulapo khadi yolembedwa kuti 128 GB kwa mnyamata wina wogulitsa m'mbali mwa msewu m'tauni, pamtengo wosafika theka la wa m'sitolo. Kamera inailandira bwinobwino, inasonyezanso kuti malo alipo ambiri, koma nditafika kunyumba ndinapeza kuti zithunzi zoyamba zokha ndi zomwe zinkatseguka, zotsalazo zinali mayina chabe opanda kanthu mkati. Zimene anthu achinyengowa amachita ndi izi: amatenga khadi yaing'ono, mwina ya 8 GB, n'kusintha zolembedwa m'kati mwake kuti izidziwonetsa ngati yaikulu. Malo enieni akadzaza, kamera imapitiriza kujambula osadandaula, koma zithunzi zimapita kosabwerera, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingazibweze chifukwa sizinasungidwe n'komwe. Pepala lokutira silikuthandizani, popeza nalonso amalikopera mwaluso. Njira yodalirika ndi kuyesa khadiyo pakompyuta musanapite nayo kulikonse, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya H2testw, yomwe imadzaza khadi yonse kenako n'kuwerenganso zomwe yalemba. Ntchitoyi imatenga nthawi, makamaka pa khadi yaikulu, choncho iyambeni madzulo magetsi alipo. Gulani pomwe amapereka lisiti, ndipo makhadi awiri a 32 GB ndi abwino kuposa imodzi yaikulu, chifukwa imodzi ikafa simutaya zonse. Khadi ikapambana mayeso, ichiteni format (kufufuta zonse zili m'menemo kuti iyambe mwatsopano) m'kamera momwemo.

Mukatero sankhani nthawi. M'mwezi wa Malichi dzuwa limatuluka itangopitirira 6 koloko m'mawa ndi kulowa itangopitirira 6 koloko madzulo, ndipo popeza tili pafupi ndi equator, kuwala kofewa kuja sikuchedwa kutha. Muyenera kukhala mutafika kale pamalo dzuwa lisanatuluke, mame adakali pa udzu ndipo agulugufe ndi atombolombo asanayambe kuuluka mothamanga. Mphindi zochepa mvula ya madzulo ikangokata ndi zamtengo wapatali kwambiri, chifukwa dzuwa limawomba makoma onyowa kumbuyo kuli mitambo yakuda.

Za malo, simukusowa kupita kutali. Madamu a Goma pa yunivesite ya UNZA, m'mbali mwa Great East Road, ali ndi mitengo ndi mbalame za m'madzi. Msewu wa Leopards Hill uli ndi tchire ndi maluwa a m'mphepete mwa njira, ndipo pamawaya a magetsi mumaona anamzeze akusonkhana pokonzekera ulendo wobwerera kumpoto. Amene ali ndi ndalama yolowera pachipata angapite ku Munda Wanga ku Chilanga kapena ku Lusaka National Park, yomwe inatsegulidwa mu 2015. Komabe, m'kuona kwanga, zithunzi zamoyo zimachokera m'makomboni monga Kalingalinga, Mtendere ndi Chilenje: chimanga chomwe chamasula ngayaye kuseri kwa mpanda, mphonda ndi maungu padenga, mbaula yootchera chimanga chachiwisi, ndi nyumba zooneka chozondoka m'zithaphwi. Pa zithaphwi, tsitsani foni mpaka itatsala pang'ono kukhudza madzi.

Pojambula, chepetsani kuwala pang'ono kuti mitambo isasanduke chigamba choyera. Pafoni gwirani pomwe pali mtambo n'kukokera kachizindikiro ka dzuwa pansi, ndipo pakamera ikani exposure (muyeso wa kuwala kwa chithunzi) pa -0.7. Mbalame youluka imafuna liwiro lojambulira (shutter speed) la 1/1000 ya sekondi kapena kuposerapo, ndipo musaope kukweza ISO (muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala) kufika 800. Musakoke chithunzi ndi zala pafoni pofuna kuchiyandikitsa. Sunthirani pafupi ndi miyendo yanu.

Munthu sajambulidwa osapemphedwa. Perekani moni, gulani chimanga chimodzi, kenako funsani kuti, "Amayi, kodi mungandilole ndijambule mbaula yanuyi pamodzi ndi inu?" Akakana, thokozani n'kupitirira. Ana musawajambule makolo awo asanavomere, ndipo State House, malo a asilikali ndi bwalo la ndege musaziloze ndi kamera konse, chifukwa mungathere m'manja mwa achitetezo.

Nyamulani pepala la pulasitiki lokutira kamera mvula ikakupezani panjira. Kunyumba ipukuteni ndi kuisunga m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, motero simusowa kugula. Koperani zithunzi pamalo awiri tsiku lomwelo. Pulogalamu ya pafoni ya Snapseed ndi yaulere ndipo ndi yokwanira powongola chithunzi chopendama, koma musawonjezere kubiriwira, popeza udzu wa Malichi ndi wobiriwira kale. Potumizira amayi aja chithunzi chawo pa WhatsApp, chitumizeni ngati document kuti chisafinyidwe.