Kukonza boti lakale la faiba ku Senga Bay

Musanagule utoto, yambani mwaona thabwa la kumbuyo lomwe mumamangirirapo injini. Ligogodeni ndi kahamala. Likamveka ngati chidebe chopanda kanthu, ndiye kuti pulayiwudi ya mkati yawola. Boolani kabowo chakumunsi. Mukatuluka utuchi wakuda wonyowa, chotsani yonse muike marine plywood yatsopano, pulayiwudi ya maboti yopirira madzi. Thabwa lowola silipirira kulemera kwa injini mwera ukawomba.

Pamene boti lang'ambika, palani ndi sandipepa ya 80 motsetsereka, m'lifupi mwake mukhale ka 12 kuchindikala kwa khoma la botilo. Pukutani ndi acetone, mankhwala ochotsa mafuta. Mukasiyapo fumbi, mafuta kapena chinyontho, chigamba chidzamatuka.

Resin ya polyester, yomwe ndi yomatira faiba, imafuna mankhwala oumitsa (hardener) a MEKP mamililita 10 mpaka 20 pa lita imodzi. Kuno ku Salima, makamaka mu Okutobala, thirani 10 okha, chifukwa kukatentha resin imauma msanga. Muzisakaniza yochepa, m'mamawa, pamthunzi, apo ayi iuma musanamalize kupaka. Yalani faiba magawo atatu, mukukanikiza ndi rola mpaka timathovu toyera titatha, chifukwa madzi amadzalowera pomwepo. Magolovesi ndi chotchinga mphuno musaiwale, fumbi la faiba limayabwa ngati chitedze.

Gelcoat, utoto wolimba wa pamwamba pa faiba, pakani pomaliza, chigamba chitauma gwa ndipo mwachisalaza.