Gasiketi ya hedi ikapsa: mmene ndinasinthira ya Eunos Roadster pabwalo panga ku Chilenje

Galimoto yanga ndi Eunos Roadster ya 1990, yomwe maiko ena amaitcha Mazda MX-5. Injini yake ndi B6 ya malita 1.6, buloko (thupi la injini) yachitsulo, hedi (mutu wake wapamwamba) ya aluminiyamu, makamu (zitsulo zozungulira zotsegula mavavu) awiri oyendetsedwa ndi lamba. Inandiwirira mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, nditatsekeredwa pamzere wa magalimoto pa Great East Road pafupi ndi Manda Hill. Singano ya kutentha ndinaiona ikukwera, koma ndinati ndifike kaye kunyumba. Makilomita ochepa amenewo ndi omwe anandidyera ndalama.

Gasiketi ya hedi, yomwe imatseka pakati pa hedi ndi buloko kuti madzi, oilo ndi mpweya zisasakanikirane, ndaisintha kawiri. Ulendo woyamba ndinangochotsa yakupsayo n'kuika yatsopano, ndipo isanathe miyezi iwiri utsi woyera unabwerera. Amalume, omwe anagwira umakaniko zaka zambiri ku Chipata asanapume, anangondifunsa kuti, "Nanga mphwanga, chinaipsereza n'chiyani?" Ndinalibe yankho. Gasiketi kawirikawiri siyamba yokha mlandu. Imapsa chifukwa injini yatentha, hedi n'kupindika pang'ono. Kwa ine wolakwa anali ladiyeta: thanki yake yapamwamba yapulasitiki inali itasanduka yabulawuni ndi ukalamba n'kung'aluka mosaoneka bwino, ndipo mkati munali mutatsekeka ndi laimu. Madzi athu a m'mijigo muno mu Lusaka amachokera m'miyala ya laimu. Suzumirani m'ketulo yanu muone zoyera zomatirira pansi. Ndiye mwini wake woyamba ankathira madzi omwewo m'ladiyeta.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, tsimikizani kuti ndi gasiketidi. Injini itazizira, tsegulani chivundikiro cha ladiyeta, lizani, muyang'ane pakamwa pake: ngati tinthovu tikutuluka osalekeza, ndiye kuti mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Onani oilo ngati wasanduka ngati tiyi wamkaka. Chotsani mapulagi onse anayi. Ina ikatuluka yoyera ngati yatsukidwa pamene zinzake zili ndi mwaye, silinda imeneyo ikumwa madzi. Mukapeza geji ya kompulesheni, masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yadukira pakati pawo. Pali ndi madzi abuluu oyezera omwe amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa injini. Ine anandibwereka mnzanga wa galaja ina ku Kabwata, ndipo madziwo anasanduka achikasu ndisanawerenge mpaka khumi.

Zida sizichuluka. Masoketi a 10, 12, 14 ndi 17, soketi ya 12 yamakona khumi ndi awiri yomasulira mabawuti a hedi, filageji (timasamba tachitsulo toyezera mpata), chitsulo chowongoka bwino choyezera, ndi tokirenchi (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti). Tokirenchiyo musaikane. Alipo amakaniko apansi pamtengo amene amati dzanja lawo limadziwa, ndipo ena amadziwadi, koma inu ndi ine sitili m'gulu limenelo. Gulani gasiketi yabwino, osati yotchipa yopanda dzina, ndipo popeza mwatsegula kale, gulaninso lamba wa taimingi, wotapampu, thermostat ndi mapaipi amadzi. Zambiri za galimoto ngati iyi simuzipeza pashelefu m'mashopu a m'tauni. Zanga zinachita kuchokera ku Johannesburg. Choncho odani kaye, zifike, ndiye mumasule. Injini yotsegula siyenera kukhala masabata pabwalo ndi fumbi lathuli.

Batire la Roadster lili ku buti. Chotsani waya wa negativu. Khetsani kulanti (madzi amankhwala oziziritsa injini) m'beseni ndipo muitsekere m'chigubu nthawi yomweyo, chifukwa ndi yotsekemera koma ndi poizoni kwa agalu ndi ana. Khetsaninso oilo. Pomasula mapaipi a petulo, kulungani nsanza chifukwa amathovoka, ndipo mbaula ikhale kutali. Ine ndinachita kupempha mayi a kunyumba kuti tsiku limenelo aphikire kuseri. Manati a ekizozi athireni mafuta ofewetsa dzimbiri madzulo, mumasule m'mawa mwake.

Jambulani chilichonse ndi foni musanachigwire. Waya aliyense ndi kapaipi kalikonse muzimata tepi n'kulembapo nambala. Mabawuti muzibaya pakatoni yomwe mwajambulapo chithunzi cha hedi, iliyonse pamalo pake. Kumbuyo kwa hedi kuli sensa yomangidwa kumapeto kwa kamu, yomwe imauza kompyuta nthawi yoyatsira moto. Musanaimasule, kandani mzere pa iyo ndi pahedi kuti idzabwerere pomwe inali.

Tembenuzani injini ndi dzanja mpaka pisitoni yoyamba ifike pamwamba ndipo zizindikiro za mapule a makamu zigwirizane ndi za pachitsulo chakumbuyo kwake. Jambulaninso. Masulani tenshona (chokungira lamba), vulani lamba. Injini za 1989 mpaka chapakati pa 1991 zili ndi mphuno yaifupi ya kirankishafti yomwe imadziwika kuti imadyeka bawuti yaikulu yapakati ikamangidwa molakwika, ndiye ngati palibe chokukakamizani, isiyeni momwemo. Manifodi ya mpweya mukhoza kuitulutsa pamodzi ndi hedi, bola osaiwala chitsulo choichirikiza kunsi.

Mabawuti a hedi alipo 10. Pomasula mumayambira kumapeto kubwera pakati, modumphadumpha, pang'onopang'ono maulendo awiri kapena atatu, injini itaziziratu. Hedi ikakana kunyamuka, musalowetse sikuludiraiva pakati pa iyo ndi buloko. Aluminiyamu sachedwa kukandika. Funani kaye chomwe mwaiwala kumasula. Kwa ine chinali waya wa ethi kumbuyo. Nyamulani anthu awiri.

Tsopano pano ndi pomwe ndinagwera ulendo woyamba. Hedi ndinaiyang'ana ndi maso, n'kupitsapo dzanja, n'kunena kuti ili bwino. Diso silingaone kupindika kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Pukutani nkhope yake, gonekani chitsulo chowongoka m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, kenako muyese kulowetsa filageji pansi pake, makamaka pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Ya mamilimita 0.10 ikalowa, ine sindikambanso zambiri, hedi imapita kokasikima, ndiko kupala nkhope yake ndi makina kuti iwongoke. Yanga inalowetsa ya 0.20 osalimbana. Mashopu a ntchito imeneyi ali cha ku Light Industrial Area, mbali za Lumumba Road. Auzeni ayeze kaye ngati hedi siinang'aluke, poipopa mpweya ili m'madzi, chifukwa kusikima hedi yong'aluka n'kutaya ndalama. Auzeninso achotse zochepa zokwanira kuiwongola basi. Mdala wina wa pamakinapo ndinamufunsa kuti, "Ba mdala, mwachotsako zingati?" ndipo nambala yomwe anandiuza ndinailemba m'buku la galimoto, poti hedi ili ndi malire a mmene ingadyedwere. Funsiranitu za magetsi. Yanga inagona kumeneko masiku atatu kudikira kuti abwere.

Musanaipereke muyenera kuchotsa makamu. Zivundikiro zake zili ndi manambala ndipo chilichonse chimabwerera pamalo pake. Tizikho tokankha mavavu tilipo 16. Ine ndinatiika m'thireyi ya mazira motsatana, kuti tisasakanikirane.

Hedi ili uko, ntchito yanu ndi buloko. Tsekani masilinda ndi mabowo a oilo ndi nsanza zoyera. Palani zotsalira za gasiketi yakale ndi chopalira chapulasitiki kapena lezala logonekedwa, osati galainda, osati sandipepa wokhakhala. Zimatenga masana onse ndipo zimagwetsa ulesi. Mukamaliza, pukutani ndi brake cleaner mpaka nsalu yoyera ituluke yoyerabe. Mabowo a mabawuti a hedi muwaumitse mpaka pansi. Mukasiyamo madzi kapena oilo, bawuti imakanikiza madziwo, tokirenchi imalira isanagwire, ndipo buloko ikhoza kung'aluka. Ine ndinagwiritsa ntchito jakisoni wamkulu wa ku famase ndi kapaipi kakang'ono kumapopa dzenje lililonse.

Gasiketi yatsopano imagona youma, popanda silikoni, pa timisomali tiwiri tolondolera ta pabuloko. Onetsetsani kuti mabowo ake onse agwirizana ndi a pansi. Tsitsani hedi molunjika, osaikwekwesa. Pakani kaoilo pang'ono pamazinga a mabawuti ndi pansi pa mitu yake. Pomanga mumayambira pakati kupita kumapeto. Buku la Mazda limati 76 mpaka 81 Nm (muyeso wa pa tokirenchi) pa injini imeneyi. Ine ndinazungulira katatu, pa 30, pa 55, kenako pa 80. Ngati galimoto yanu ndi mtundu wina, nambala izi musazitenge, ndipo injini zina zimafuna mabawuti atsopano nthawi iliyonse.

Hedi isanatsike, sinthani kachipewa kalabala kotseka paipi yamadzi kumbuyo kwake, ndi mphete yalabala ya sensa ija. N'tinthu totchipa, koma hedi ikakhala pamalo pake dzanja silifikako bwino.

Mukavala lamba, werengani mano pakati pa zizindikiro zapamwamba za mapule awiriwo: akhale 19. Zunguzani injini ndi dzanja kawiri, muonenso zizindikiro. Ubwino wa B6 ndi woti mavavu ndi mapisitoni sagundana ngakhale mutaphonya dzino, koma galimoto imayenda ngati yadwala malungo.

Thirani oilo watsopano ndi fyuluta yake. M'ladiyeta, kulanti theka, madzi oyera othira m'batire (distilled water, osati asidi) theka; a pampopi ayi. Ikaninso chivundikiro chatsopano cha ladiyeta, chomwe chimapanikiza madzi kuti asawire msanga, chifukwa Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 ndipo kuno madzi amawira asanafike madigiri 100. Kwezani kutsogolo kwa galimoto, tsegulani hita, lizani chivundikiro chili chotsegula mpaka tinthovu tithe ndipo fani izungulire n'kuima yokha. Mavavu akamachita phokoso la te-te-te mphindi zoyamba, musade nkhawa, oilo akulowa m'tizikho tija. Injini ikatentha, lumikizani ndi kawaya timabowo ta TEN ndi GND m'kabokosi koyezera, muone ndi nyali ya taimingi ngati moto ukuyaka pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba.

Oilo woyambayo ndinamukhetsa nditangoyenda makilomita ochepa, kuti achotse chinyezi chotsalira. Kwa sabata yathunthu, m'mawa uliwonse ndisanalize, ndinkafinya paipi yapamwamba ya ladiyeta kuona ngati ili yofewa, n'kuyang'ana mzere womwe ndinalemba ndi maka pa kathanki ka kulanti. Loweruka lake ndinapita nayo ku Chongwe denga lili lotsitsa, amalume ali pambali atagwira chipewa chawo, maso ali pa singano ulendo wonse.