Momwe mungapakire vanishi wa polyurethane kuti matabwa a pansi awale mofanana

Nyumba zambiri kuno ku Kasungu pansi pake ndi pa simenti, koma m'nyumba zina zakale za boma, za mishoni ndi za m'maesiteti a fodya mudakali matabwa, makamaka timatabwa ting'onoting'ono toyalidwa mopingasana tija amati parquet. Mtengo wake umakonda kukhala mlombwa kapena mbawa, pomwe eni nyumba za masiku ano amayala paini wa ku Chikangawa. Kupaka vanishi wa polyurethane pa matabwa oterewa aliyense angathe, koma chimene chimavuta ndi kuti chipinda chonse chiwale mofanana, osati mbali ina kunyezimira kwambiri ina ili mbuu.

Yambani mwasankha nyengo yoyenera. M'mwezi wa Okutobala kumatentha kwambiri moti vanishi amayamba kugwira musanamalize kumusalaza, ndipo mizere ya bulashi imatsalira. Nthawi ya dzinja chinyontho chimachedwetsa kuuma, pomwe mu Juni ndi Julaye kuzizira kwa usiku kumachita chimodzimodzi, kuphatikizapo fumbi lobwera ndi mphepo ya mwera. Ine ndimakonda Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya koma fumbi lisanachuluke. Ngati simungadikire miyezi imeneyi, pakani m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo tchingani mawindo amene amalowetsa dzuwa pansi.

Chachiwiri ndi kuchotsa polishi wakale. Pafupifupi nyumba iliyonse yakale yakhala ikupakidwa polishi wa phula kwa zaka zambiri, ndipo polyurethane sagwira pa phula: amathawa n'kusiya timaenje tozungulira, kapena amagwira masabata ochepa kenako n'kuyamba kusupuka. Tsukani ndi mankhwala osungunulira penti otchedwa mineral turpentine ndi nsanza zambiri musanayatse makina opalira, chifukwa mukapanda kutero phula limamata sandipepa ndiponso limakankhidwira m'kati mwa thabwa. Khomererani misomali yonse yotuluka, matani timatabwa togwedera, ndipo pamene padyedwa ndi chiswe sinthanipo thabwa.

Popala, yambani ndi sandipepa wa nambala 40, mutsatize 60, 80, n'kumaliza ndi 100 kapena 120. Anthu ambiri amadumpha kuchoka pa 40 kufika pa 100 pofuna kupulumutsa ndalama, koma zikande za sandipepa wokhakhala sizichoka ndi wosalala, ndipo vanishi amazionetsa kwambiri kuposa momwe zimaonekera pa thabwa louma. M'mphepete mwa khoma, momwe makina aakulu safika, mumalizenso ndi nambala yomweyo imene mwamalizira pakati, apo ayi matabwa adzamwa vanishi mosiyana ndipo mudzakhala ndi mkombero wakuda kuzungulira chipinda. Makina aakulu opalira pansi ndi osowa pa boma pano, kotero ambiri amakabwereka ku Lilongwe. Gwirizanani ndi mwini wake za masiku amene magetsi angathime, chifukwa ena amawerengera tsiku lonse ngakhale makinawo sanagwire ntchito.

Mukapita kukagula, mudzapeza vanishi wa mitundu iwiri, wa mafuta ndi wa madzi. Wa mafuta ndiye amapezeka mosavuta m'mahadiweya, amapatsa thabwa mtundu wachikasu pang'ono umene umakhala bwino pa mlombwa, koma amanunkha ndipo amachedwa kuuma. Wa madzi sasintha mtundu wa thabwa ndipo amauma m'maola awiri mpaka anayi, koma ndi wokwera mtengo. Pa chitini pamalembedwanso gloss, satin kapena matt, kutanthauza wonyezimira kwambiri, wapakatikati, ndi wosanyezimira. Lita imodzi imakwanira malo pafupifupi masikweya mita 10, choncho chipinda cha mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali chimafuna malita awiri pa koti iliyonse, ndipo makoti atatu ndi malita 6. Gulani onse tsiku limodzi, pakuti mitengo ya katundu wochokera kunja siikhazikika masiku ano. Vanishi woyezedwa m'mabotolo a madzi akumwa musamugule ngakhale atatchipa motani, popeza simungadziwe zimene athiramo, ndipo wosakanizidwa ndi palafini amakhala wonata kwa masiku ambiri. Onetsetsaninso kuti chivundikiro cha chitini chilibe zipsera zosonyeza kuti chinatsegulidwapo.

Tsopano tafika pamene ntchito zambiri zimaonongekera, ndipo pamenepa ndi pomwe balaza lina limene ndinapaka linatuluka la mawangamawanga. Vanishi aliyense wa polyurethane mwachilengedwe chake ndi wonyezimira. Kuti akhale satin kapena matt, opanga amathiramo ufa wosalala kwambiri wa silica umene umabalalitsa kuwala. Ufa umenewu ndi wolemera kuposa vanishi, motero chitini chikakhala pa shelefu umadikha pansi, ndipo m'masitolo athu, momwe katundu wotere sayenda msanga, umatha kukhala miyezi yambiri mpaka kuumbana ngati nsima ya dzulo. Munthu akangotsegula n'kuyamba kupaka, gawo loyamba la chipinda limalandira vanishi wopanda ufa, wonyezimira, ndipo gawo lomaliza limalandira ufa wochuluka n'kuoneka lotuwa. Pa balaza lija zitini zinali ziwiri, cha malita 5 ndi cha lita imodzi, zonse zolembedwa satin ndipo za kampani imodzi, koma chaching'onocho chinali chitakhalitsa m'sitolo. Malire a pamene chinathera china ndi pamene chinayambira chinzake ankaoneka bwinobwino munthu akaima pakhomo madzulo, dzuwa likamalowera pa windo.

Njira yopewera zimenezi ndi kutakasa ndi kathabwa koyera kophwatalala, mokanda pansi pa chitini ndi m'mbali mwake, kwa mphindi zosachepera zisanu, kufikira kathabwako katuluka popanda ufa woumbana kunsonga. Musakhutchumule chitini monga momwe ena amachitira ndi penti, chifukwa thovu limene limapangika limauma pa thabwa n'kukhala timatuza. Mukatakasa chitini chilichonse pachokha, thirani vanishi yense wa koti imeneyo mu ndowa imodzi yoyera, mwasefa ndi kansalu kopyapyala ka nayiloni, n'kutakasanso. Pamene mukupaka, takasani mu ndowamo mphindi 10 kapena 15 zilizonse, pakuti ufa uja umapitiriza kudikha. Dziwaninso kuti maonekedwe a pansi amatengera koti yomaliza, kotero ngati vanishi wachepa ndipo mwagula wina woonjezera, wosakanikirana bwinoyo musungire koti yomalizayo.

Kuchindikala kwa vanishi nakonso kumasintha kuwala. Pamene pathiridwa wambiri pamanyezimira kuposa pamene pakokedwa mpaka kupyapyala, n'chifukwa chake munthu mmodzi yekha ndiye ayenera kupaka chipinda chonse ndi bulashi kapena rola imodzi. Yambirani kukhoma lakutali ndi chitseko, tsatani kutalika kwa matabwa, ndipo tengani mzere wosaposa mita imodzi m'lifupi kuchokera khoma ili kufika khoma linalo, kuti mzere wotsatira ulumikizane ndi unzake udakali wonyowa. Pa parquet, pomwe timatabwa timaloza mbali zosiyana, tsatani kumene kuwala kwa windo lalikulu kumalowera. Musaime pakati kuti mukadye kapena kuyankha foni, ndipo mukaona pamene mwaphonya patadutsa mphindi zingapo, pasiyeni, padzakwiririka ndi koti yotsatira.

Musanapake koti yoyamba, sesani, dikirani fumbi la m'mwamba litsike, kenako pukutani ndi nsanza yonyowetsedwa pang'ono ndi turpentine ngati vanishi wanu ndi wa mafuta. Ngati ndi wa mafuta, koti yoyambayi mungaisungunule ndi turpentine, gawo limodzi pa magawo 10 a vanishi, kuti ilowe bwino m'thabwa, pokhapokha ngati chitini chaletsa. Ikauma idzaoneka yosafanana, makamaka pa paini amene amamwa mosiyanasiyana, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa.

Wa mafuta musiyeni usiku wonse kapena maola 24 kukazizira. Palani mopepuka ndi sandipepa wa 220, pukutani, pakaninso, ndipo chitani chimodzimodzi pa koti yachitatu. Ngati sandipepa akumata m'malo motulutsa ufa woyera, vanishi sanaume. Koti yomaliza ikatuluka ya mawanga, kupaka pa banga pokha kumangoonjezera banga lina. Palani chipinda chonse ndi 220 n'kupakanso koti imodzi.

Mungayendepo ndi masokosi pakatha tsiku limodzi kapena awiri, mipando ilowe pakatha masiku atatu kapena anayi monyamula osati mokoka, koma makapeti ndi mikeka zidikire mwezi wathunthu kuti vanishi wa mafuta alimbe. Nsanza zonyowa ndi vanishi ndi utuchi wa m'makina muzitulutse panja tsiku lomwelo, nsanzazo mwaziyanika chotambasula, chifukwa zikaunjikana zimatha kutentha n'kuyaka zokha.