Maso a mwana wanga ankayabwa nyengo ya fumbi ikafika

Ogasiti akangolowa, mwana wanga ankangokhalira kutikita maso. Ankafiira, kutuluka misozi ndi manthongo onanda ngati ulusi, mpaka poyera pa diso panayamba kuderako. Anansi ankati tidonthezemo mkaka wa m'mawere. Ayi ndithu, ndinakana.

Kuchipatala, adokotala anatembenuza chikope chapamwamba n'kundionetsa tiziphuphu tambirimbiri m'kati mwake. Anati ndi allergy: thupi likulimbana ndi fumbi, mungu ndi utsi. Matendawa sapatsirana, ndipo mankhwala opaka m'maso a tetracycline sangathandize chifukwa mulibe tizilombo.

Anatilembera sodium cromoglycate wodontheza kanayi pa tsiku. Ameneyu sagwira msanga, amafuna masabata angapo osadumphitsa, choncho masiku ano timayamba fumbi lisanachuluke. Kuyabwa kukakula, ndimanyowetsa kansalu koyera m'madzi ozizira amumtsuko n'kumuika pamaso atatsinzina. Tisanasese timawaza madzi, ndipo mbaula timayatsira panja. Kutikita kuja kwachepa kwambiri.

Mankhwala odontheza a steroid amaletsa kuyabwa mwachangu, koma musagule nokha. Mukawagwiritsa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala kuyeza maso, angayambitse glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso) kapena ng'ala.