Kalembetsedwe ka motorhome ku America ndi kusiyana kwa ndalama zake

Funso n'lakuti: munthu amalembetsa bwanji motorhome, galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira, nanga ndalama zimasiyaniranji?

Konzeranitu title (chikalata chosonyeza mwini galimoto), chikalata chogulira, inshuwalansi, nambala ya VIN (nambala yozindikiritsa galimoto yochokera kufakitale) ndi umboni wa komwe mumakhala.

1. Lembetsani m'chigawo chimene mumakhala. Wosamukira ku California ali ndi masiku 20, ku Texas 30.

2. Dziwani chimene chigawocho chimayang'ana powerengera ndalama zolembetsera. Texas ndi Florida amayang'ana kulemera kwa galimoto, Oregon kutalika kwake, Montana zaka zake. California amatenga 0.65 peresenti ya mtengo wake chaka chilichonse, kuwonjezera pa ndalama zina.

3. Werengerani msonkho wogulira, pakuti apa ndi pamene thumba limapepukira. Ku Texas ndi 6.25 peresenti, ku South Dakota 4 peresenti, ku Montana kulibe. Galimoto ya madola 100,000 msonkho wake ku Texas ndi madola 6,250.

4. Perekani zikalata ku ofesi yolembetsa magalimoto, lipirani, landirani nambala. Ku Florida wolembetsa koyamba amawonjezera madola 225.

Chenjezo lili pa sitepe yoyamba. Ambiri amatsegula kampani ya dzina chabe ku Montana n'kulembetsa galimoto m'dzina la kampaniyo pothawa msonkho, galimoto ikugona pakhomo ku California. Akagwidwa amalipira msonkho wonse ndi chindapusa pamwamba.